Mperekezi wa Loweruka M'mawa

Kwathu ku Dunskerry munthu ukhoza kukhala chidakwa, wamiseche, ngakhale wakuba nkhuku za abusa, anthu n'kukukhululukira. Koma ukamamenya mpira wa gofu mopotoka, amakunena mpaka pamaliro ako. Tauni yathu ndi msewu umodzi, doko la maboti a nsomba, matchalitchi awiri osapatsana moni, ndi bwalo la gofu lomwe linagona m'mphepete mwa nyanja ngati mphasa yoiwalika panja. Bwalolo ndi limene limatidyetsa, ndipo ndi lomwelo linamudya mutu Wattie Cargill, wokonza mipope.

Pakatha zaka khumi kapena kuposerapo, Mpikisano Waukulu umatiyendera. Umazungulira m'mabwalo a m'mphepete mwa nyanja ngati mlendo wa abale ambiri, ndipo ukafika kwathu timasamuka m'nyumba zathu kukapanikizana kwa apongozi kuti alendo achite lendi. Akuluakulu amati unayamba ndi amuna osakwana khumi, anthu onyamula zikwama za ndodo za gofu za mabwana, amene ankalimbirana lamba wachikopa mabwanawo akubetcha. Lero amalimbirana jagi ya siliva ndipo ena amabwera pa ndege zawozawo, pamene ife zidzukulu za onyamula zikwama aja timaima m'mbali mwa chingwe titanyamula timatabwa tolembedwa kuti CHETE. Ndiye chitukukotu chimenecho.

Kayendedwe kake n'kosavuta. Amasewera masiku anayi, maenje khumi ndi asanu ndi atatu patsiku, ndipo wopambana ndi amene walowetsa kampirako m'maenje onsewo pomenya kochepa kuposa anzake. Lachisanu madzulo amapeta. Theka la osewera amauzidwa kuti apakire azipita, otsalawo n'kusewera Loweruka ndi Lamulungu awiriawiri. Apa ndiye pagona nkhani yathu. Otsalawo akapanda kukwanirana awiriawiri, wa kumchira amatsala yekha, choncho amamupezera munthu wapamudzi woti ayende naye m'mamawa ndi kumamulembera kamenyedwe kake. Munthu ameneyo amatchedwa mperekezi. Amasewera nawo ndithu, koma zake sizilembedwa paliponse. Mwambo wakwathu ndi wakuti mperekezi amakhala katswiri wa chaka chimenecho wa kalabu ya amisiri, kanyumba kathu kamalata kamene kanabisala kuseri kwa nyumba yaikulu ya mabwana.

Wattie anagwidwa ndi matendawa akungoyamba kumera ndevu. Chaka chimenecho mperekezi anali Hector Spink, wophika buledi, ndipo Wattie anapatsidwa ganyu yoyenda pambuyo pawo atanyamula chikwangwani cha mayina. Pamwamba panali dzina la katswiri wa kunja uja ndi manambala ake. M'munsi munalibe dzina, munalibe nambala, munangolembedwa kuti MPEREKEZI. Wattie anachisenza chikwangwanicho m'mawa wonse koma sanachiwerenge. Chimene iye anaona ndi Hector akuyenda pakati pa nsanja zazikulu za padzenje lomaliza, chipewa m'manja, anthu akuwomba m'manja, mpira wake n'kulowa m'dzenje kuti khobo. Kuchokera tsiku limenelo Hector sanagulenso wisiki ndi ndalama yake. Anali ndi mpando wake pafupi ndi moto m'kalabu, chithunzi chake pakhoma, ndi dzina loti munthu amene anasewera mu Mpikisano. Buledi wake anapitiriza kuuma ngati njerwa, koma palibe anadandaulanso.

Wattie anayamba wayesa kulowera khomo lakutsogolo. Kuli timipikisano todzigulira malo mu Mpikisano Waukulu, momwe aliyense wodziyesa katswiri amaloledwa kukachita manyazi, ndipo iye anapitako kambirimbiri. Ankabwerako ndi zifukwa zokhazokha. Chaka china inali mphepo, chaka china mchenga unali wonyowa, chaka china galu anauwa iye atakweza ndodo. Kenaka anavomera mumtima kuti khomo lake ndi lakumbuyo, ndipo limenelo ankalidziwa bwino, pakuti kunyumba ya mabwana ankalowera kukhitchini akamuitana kuti adzatsegule zimbudzi. Ankatuluka m'menemo akunyoza mabwanawo kuti sadziwa kugwira ndodo, koma mlembi wawo, Bambo Ogilvie, akangomuitana kuti "Cargill", chipewa chinkachoka chokha kumutu.

Anakwatira Senga, mtsikana wa kushedi yowambira nsomba, amene anamufunsira pomusenzetsa chikwama cha ndodo Lamulungu lililonse masana mpaka mtsikanayo anavomera kuti apumule. M'nyumba mwawo kapeti ya m'khonde inachita kanjira koyera, chifukwa madzulo aliwonse Wattie ankagubuduza mpira kulowetsa m'kapu ya tiyi yogonekedwa pansi. Senga ankadutsa ndi mbale akudumpha mipira. Sanali mwamuna woipa, tisamunamizire. Sankamwa mopitirira, sankayenda ndi akazi, ndipo mpope wa mayi wamasiye ankaukonza ulere. Kungoti mumtima mwake munali chipinda chimodzi chokha chofunda, ndipo munkagona gofu.

Mpikisano utabweranso, Wattie ndiye anali katswiri wa kalabu, ndipo Senga anali wodwala, mwezi wake utakwana. Matenda anayamba Lachisanu lopeta lenilenilo. Mayi woyandikana nawo nyumba anamupeza Wattie ataima njo pansi pa bolodi lalikulu la manambala, chala m'mwamba, akuwerenga mayina awiriawiri ngati akuwerenga nkhosa. Atamuuza kuti mkazi wake amutengera kuchipatala, iye anayankha kuti akubwera, angotsala magulu ochepa kuti amalize. Atamaliza kupeta, otsalawo anakwanirana ndendende. Mperekezi sanafunike.

Anafika kuchipatala nkhope ili yamaliro, moti namwino anamuthamangira kukamutonthoza kuti asadandaule, mwana ndi wamwamuna ndipo ali bwinobwino. Senga anamuyang'ana kuchokera pabedi, khanda lili pachifuwa.

"Pepanitu bambo," anatero. "Tabadwa tsiku lolakwika."

Mwanayo anamutcha Struan.

Ulendo wotsatira ndiye unamupweteka zenizeni. Pa mpikisano wa kalabu anagonja pamapeto penipeni kwa Dod Swankie, wogulitsa nsomba, mnzake wa kusukulu, munthu womenya mpira ngati akupha njoka. Ndipo chaka chimenecho, mwa zaka zonse, kupeta kunasiya munthu mmodzi payekha. Dod anaperekeza. Anasewera zamanyazi, mpira wake wina unakalowa mutenti yogulitsira zakudya zotchedwa ma payi, koma pobwerako anapeza mpando wa malemu Hector ukumudikira pafupi ndi moto. Kuyambira pamenepo Dod sankatha kuyamba chiganizo popanda mawu oti "ife amene tinasewerako". Ife amene tinasewerako timati mvula ibwera. Ife amene tinasewerako sitithira shuga wambiri mu tiyi. Wattie akalowa m'kalabu, Dod ankamuitana mokweza kuti, "Achimwene, bwerani muothe, moto uwu saletsa anthu owonerera." Wattie ankaseka nawo mano okha, kenaka n'kupita kunyumba kukagubuduza mpira m'kapu mpaka Senga atazimitsa magetsi.

Nthawi yonseyi Struan ankakula. Atangoyamba kuima, bambo ake anamudulira ndodo yakale kuti imukwane, ndipo m'mawa uliwonse asanadye phala ankapita naye kumchenga kukamenya mipira mphepo ikuwalasa m'makutu. Wattie ankamukonda mwanayo, ndipo ichi ndikunena mosaseka. Ankamupukuta mamina ndi mpango wake, ankamunyamula paphewa akatopa, ndipo tsiku limene mnyamatayo anamugonjetsa koyamba, analira misozi yeniyeni n'kugulira kalabu yonse mowa. Struan anakula wamtali, wofatsa ngati mayi ake, wosalankhula zambiri. Asanakwanitse zaka makumi awiri anali atayamba kale kutenga ukatswiri wa kalabu chaka ndi chaka, ndipo Wattie ankakhala wachiwiri akumwetulira.

Kumwetulirako kunatha tsiku limene kunamveka kuti Mpikisano ubweranso kwathu. Mwadzidzidzi Wattie anasanduka mlaliki. Patebulo, m'galimoto, ngakhale kutchalitchi, uthenga unali umodzi: mphatso ya mnyamatayu isawolere ku Dunskerry, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, apite akasewere zolipidwa. Anagulitsa ngakhale kaboti kake kuti mwanayo apeze poyambira. Anthu anamutama kuti ndiye kholo limenelo. Koma lamulo la kalabu ya amisiri tonse timalidziwa, loti wosewera zolipidwa saloledwa kupikisana nafe. Dod ananena zimenezi mokweza m'kalabu, akuyang'ana kudenga. Senga anangopakira zovala za mwana wake, n'kuikamo nsomba zowamba zoti adye panjira.

Wattie anatenganso ukatswiri wa kalabu tsitsi litachita imvi, atagonjetsa wapositi wina wodwala bondo. Anagula nsapato zoyera ndi juzi yatsopano, n'kuziika pamwamba pa kabati, ndipo anamuuza Dod kuti ndiye adzamunyamulire chikwama, kuti aone mmene anthu amasewerera osalowa mutenti ya ma payi.

Ndiyeno Struan anachita chimene bambo ake sanachiyembekeze. Atazunzika zaka ziwiri m'timipikisano ta kutali, akugona m'galimoto ndi kudya tchipisi tozizira, anakalowa ka mpikisano kodzigulira malo kaja, komwe bambo ake ankagonjetsedwa ndi agalu ndi mphepo, n'kupambana. Analowa khomo lakutsogolo. Tauni inapenga. Ana asukulu anajambula nsalu, ophika buledi anatulutsa makeke a dzina lake, ndipo matchalitchi onse awiri anamupempherera, aliyense payekha. Wattie ankayenda chifuwa chili patsogolo, akuuza aliyense kuti chaka chino kukhala a Cargill awiri mu Mpikisano umodzi, mwana masana, bambo m'mamawa. M'maloto ake zonse zinkakwanirana bwinobwino. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Lachinayi Struan anasewera mwamantha koma sanagwe. Lachisanu anamuika m'gulu lomalizira, monga amachitira ndi anthu opanda mayina, ndipo pofika madzulo, dzuwa la chilimwe likadali pamwamba pa doko, osewera ena onse anali atamaliza. Awiri amene ankayenda naye anali atapetedwa kale, ankangomalizitsa mwambo. Tauni yonse inakhamukira kudzenje lomaliza. Wattie ndi Senga anawalowetsa mkati mwa chingwe monga makolo, pafupi ndi kapinga wosalala wozungulira dzenjelo.

Ali pomwepo, Bambo Ogilvie anafika mwakachetechete, jekete yawo ya buluu ili ndi mabatani onyezimira, n'kumunong'oneza Wattie kukhutu.

"Cargill, nsapato zija zikhale zopukuta. Mmene zililimu, watsala mmodzi payekha. Pokhapokha mnyamata wanuyu akalowa, ndiye kuti akwanirana, inu mukhoza kugona mpaka masana."

Anamusisita paphewa ngati amuuza nkhani yabwino mbali zonse ziwiri, n'kuchoka.

Wattie anayang'ana pabolodi, chala chake n'kuyamba chokha kuwerenga. Zinali zoona. Struan akamaliza dzenje limeneli osaphonya, alowa Loweruka, ndipo mperekezi safunika. Akaphonya kamodzi kokha, apakira, ndipo Wattie Cargill asewera mu Mpikisano. Ulendo wina ukadzabwera, iye adzakhala nkhalamba yoyendera ndodo ya mtundu wina.

Anayesetsa, abale. Anatseka maso n'kupempha Mulungu kuti mwana wake alowe, ndipo anabwereza pempherolo kawiri kuti limveke bwino kumwamba. Anakumbukira kamnyamata ka mamina kaja kumchenga. Anadziuza kuti bambo aliyense wamutu wabwino akudziwa chimene ayenera kufuna. Koma pansi pa pemphero lonselo panali kanthu kena katakhala phee, kosapemphera nawo, kakungoyang'ana nsapato zoyera zili pamwamba pa kabati.

Struan anamenya bwino kuchokera kutali, koma mpira wachiwiri unagwera m'mbuna ya mchenga. Anautulutsa mwaluso, anthu n'kukuwa, ndipo unaima pafupi ndi dzenje, mtunda wake ngati kutalika kwa chitseko. Mpira wotere Struan ankaulowetsa m'kapu ya tiyi asanayambe sukulu. Timatabwa ta CHETE tinakwera m'mwamba. Ngakhale mbalame za kunyanja zinakhala ngati zamvera. Senga anagwira mkono wa mwamuna wake.

Mpira unagubuduka molunjika, unafika pamlomo pa dzenje, unazungulira m'mphepete ngati ukusuzumira, n'kutulukanso.

Khamu lonse linabuula. Ndipo m'kubuula kumeneko, dzanja la Wattie, lomwelo limene Senga analigwira, linafumbata chibakera n'kukwera mpaka pachifuwa, kamodzi, mwachangu, pakamwa pake n'kutuluka kamawu kakuti "Eya". Sikanali kokweza. Mwina ndi Senga yekha akanakamva. Koma anthu a kanema amadziwa ntchito yawo, ndipo pa nthawi ngati imeneyo amafunafuna nkhope ya kholo losweka mtima. Kamera inali pa Wattie. Nkhope yake, yaikulu ngati khoma la nyumba, inali pa chikanema cha pamwamba pa nsanja, chibakera, mano ndi zonse. Anaionetsanso kachiwiri pang'onopang'ono, poganiza kuti mwina anthu sanaone bwino.

Struan anali atawerama, manja pamaondo. Podzuka anayang'ana kuchikanemako, monga amachitira osewera onse pofuna kuona pamene mpira wawalakwira. Anayang'ana nthawi yaitali ndithu. Kenaka analowetsa mpira wake, anavula chipewa, anagwirana chanza ndi anzake aja, n'kulowa m'kanyumba kosainira makhadi a kamenyedwe.

Senga anachotsa dzanja lake pa mkono wa Wattie ngati wagwira mphika wotentha. Wattie anayamba kufotokoza kuti chinali chibakera cha ukali, kuti anakwiyira dzenjelo, kuti amene analikumba analikumba mopendama. Anafotokozera Senga, anafotokozera munthu wa tabwa la CHETE, anafotokozera ndi mlendo wina wa ku Japan amene sanamve kalikonse. M'kalabu madzulo amenewo anthu anamupatsa njira yotakasuka kuposa imene amafuna. Dod anali pampando wake pafupi ndi moto, ndipo kwa nthawi yoyamba pa zaka khumi ndi ziwiri sanayambe ndi "ife amene tinasewerako".

"Achimwene, msana wandigwira," anatero osamuyang'ana. "Chikwama chija mupeze wina."

Wattie anafunsa anthu ena angapo. Tauni yonse inali itadwala msana.

Mukuganiza kuti anakana kusewera? Ndiye kuti simunamudziwe. Anadzuka m'mamawa, anavala juzi yatsopano, anatsitsa nsapato zoyera. Senga anali atagona choyang'ana kukhoma, ndipo patebulo panalibe phala. Anaganiza zodzisenzera yekha chikwama, manyazi kapena ayi. Koma potsegula chitseko anapeza Struan ataima panja, atavala chovala cha onyamula zikwama, chikwama cha bambo ake chili kale paphewa, ndodo zonse zotsukidwa.

"Tiyeni bwana, nthawi yatha," anatero Struan.

Mtima wa Wattie unakhala pansi. Anadziuza kuti mwanayu ndi wamasewera, wamvetsa, magazi ndi magazi. Mawu akuti bwana anawamva, koma anawatenga ngati nthabwala. Munthu akafuna kukhululukidwa amakuona kukhululukako ngakhale pa mwala.

Wotsala yekha uja anali Brassell, mnyamata wonenepa wa ku Texas, amene analowa Loweruka mokwawa ndipo sankafuna china koma kumaliza msanga kuti akadye. Anagwira dzanja la Wattie akuyang'ana wotchi. Wolengeza mayina anatchula Brassell, dziko lake ndi zikho zake, kenaka anawonjezera kuti ayenda ndi mperekezi. Pansanja panali anthu otola zinyalala, apolisi awiri, ndi alendo ochepa ofunda mabulangete. A ku Dunskerry, amene pa nthawi ya Hector ndi ya Dod anadzaza chingwe chonse, tsiku limenelo anagona tulo tabwino. Pambuyo pawo pankayenda mayi wina wodzipereka atanyamula chikwangwani, ndipo Wattie, atachedwa zaka makumi atatu ndi zisanu, anachiwerenga.

Komabe anamenya mpira woyamba bwino, pakati penipeni, ndipo chimwemwe chimene anamva sichinali chabodza. Anatembenuka kuti aone nkhope ya mwana wake. Struan anali atatambasula kale dzanja kuti alandire ndodo.

Anamutumikira bwino kwabasi. Ankamuuza mtunda, ankamuuza kumene mphepo ikuchokera, ankapukuta mpira, ankasalaza mchenga bambo ake akatuluka m'mbuna. Ndodo iyi bwana. Kumanzere pang'ono bwana. Mwamenya bwino bwana. Pa dzenje lachisanu Wattie anayesa kuyamba nkhani ya dzulo, kuti mwana wanga, chija unaona chija sichinali chimene anthu akunena. Struan anayankha kuti kutsogoloku kuli mbuna ziwiri, ndi bwino kudutsa kumanja. Pa dzenje lachisanu ndi chinayi anayesanso, n'kukumbutsa za kaboti kamene anagulitsa. Struan anamupatsa nthochi.

Brassell ankathamanga ngati wasiya mphika pamoto. Mwambo umati mperekezi asachedwetse katswiri, ndipo akasochera kwambiri amangotola mpira wake n'kupita kudzenje lotsatira, poti palibe akuwerenga. Wattie anali atalumbira kuti iye satola. Anathamanga, anapuma mwabefu, thukuta linanyowetsa juzi yatsopano, koma dzenje lililonse ankalimaliza, n'kumasunga chiwerengero chake m'mutu kuti akamuuze Dod. Sichinali choipa ayi. Kwa munthu wa imvi wokonza mipope, chinali chonyaditsa.

Pofika padzenje lomaliza dzuwa linali litakwera, ndipo pansanja panali patayamba kukhala anthu, alendo odzagwira malo kudikira akatswiri enieni a masana. Anawomba m'manja mwaulemu, monga amawombera aliyense, ngakhale wotchetcha kapinga. Wattie anavula chipewa n'kuyenda pakati pa nsanjazo pang'onopang'ono, monga anayendera Hector. Kumeneku ndiye kunali kuyenda kumene anakulota moyo wake wonse, ndipo ngakhale zinthu zinali zitaipa chotere, kunamukomera. Pamwamba pa nsanja, pakona, anaona munthu mmodzi wa kwathu. Anali Senga, atavala chikhoti chake cha kutchalitchi, manja ali m'matumba.

Brassell anamaliza zake n'kuima pambali, chipewa chili kale m'manja. Mpira wa Wattie unali pafupi ndi dzenje, mtunda wake ngati kutalika kwa chitseko. Anauona mtundawo, ndipo anadziwa kuti Struan wauonanso. Anagwada kuti aone kupendama kwa kapinga. Timatabwa ta CHETE tinakwera, ulendo uno chifukwa cha iye. Anadzuka, anapukuta manja pa buluku, n'kutambasula dzanja kuti alandire ndodo yogubuduzira.

Ndodoyo sinabwere. Struan anadutsa pambali pake, chikwama chili paphewa, anawerama, anatola mpirawo, anaupukuta bwinobwino ndi thaulo, n'kuuika m'thumba.

"Struan," anatero Wattie, mawu ali pansi. "Mwana wanga. Watsala umodzi wokha."

"Alendo akufulumira, bambo," anatero Struan. "Komanso wa mperekezi sawerenga."

Anabwezera mbendera m'dzenje. Brassell, poona kuti zatha, anabwera mokondwa, anagwira dzanja la Wattie lomwe linali likadali lotambasula, anamuthokoza pomutchula dzina la munthu wina, n'kumukumbutsa kuti akasaine khadi limene ankamulembera lija. Anthu a pansanja anawombanso m'manja poyesa kuti ndi mwambo wakuno.

Mpando wa pafupi ndi moto anamupatsa Wattie, chifukwa mwambo ndi mwambo, ndipo Dod anasunthira pa wina popanda kukangana. Chithunzi chilinso pakhoma. Struan anapita kukaphunzitsa gofu ku Canada, ndipo amaimba foni Lamulungu, nthawi imene akudziwa kuti bambo ake ali kubwalo. Alendo akalowa m'kalabu n'kuona chithunzicho, amamugulira Wattie wisiki, ndipo akamwa pang'ono amafunsa funso limene aliyense amafunsa, lakuti tsiku limenelo anamaliza ndi zingati. Wattie amayang'ana m'tambula mwake. Dod ndiye amayankha, mokoma mtima kwambiri, kuti achimwenewa sanamalize.